Weta Amene Ankadziwa Manja Okha

Panali munthu wina, weta pa lesitilanti ya pafupi ndi depoti ya mabasi. Ntchitoyo anaigwira zaka makumi atatu. Mlendo akakhala pansi, iye ankabwera ndi jagi ya madzi ofunda, beseni ndi sopo, n'kuwerama, n'kumuthirira madzi m'manja. Maso ankayang'ana pansi, monga anamulerera makolo ake.

Imvi zitachuluka, mtima unayamba kumuvuta. Ankadzifunsa kuti, "Kodi adzukulu anga adzati agogo ankatani? Ankangonyamula mbale basi?" Ndiye anagula kope lalikulu kuti alembe buku, adzawerengere anthu pa tsiku lotsanzikana naye pantchito.

Analemba miyezi itatu. Anaikamo mabwana onse amene anadyapo pamalopo: wa galimoto yaitali, wa suti yakunja, ndi wina amene ankayenda ndi omulondera awiri. Atamaliza anapita nalo kukhitchini kwa Mayi Nankhoma, amene ankaphika, nayamba kuwawerengera iwo akusenda mbatata. Tsamba lachitatu lisanathe, mayi aja anali akuwodzera, mpeni uli m'manja.

"Mayi, mwagona?"

"Sindinagone, achimwene, ndimangopumitsa maso. Koma tandiuzani, mabwana anuwo nkhope zawo zinali zotani?"

Weta uja anaganiza. Anaganizanso. Kenako anaseka mpaka misozi, pakuti sanakumbukire nkhope ngakhale imodzi. Zaka zonsezo iye ankayang'ana m'beseni.

"Ine ndimadziwa manja okha," anatero.

"Nanga manjawo simunawalembe bwanji?"

Tsiku lomwelo anang'amba masamba onse, nawapereka kwa Mayi Nankhoma kuti ayatsire mbaula. Mabwana aja anaphika nyemba, ndipo akuti zinapsa bwino. Iye anayambanso.

Analemba za manja a makaniko, amene sopo ankatha iwo asanayere. Analemba za mkwatibwi amene ankasamba mochedwa dala kuti mphete aione aliyense, ndi za namwino wosamba mpaka m'zigongono. Analembanso za mlimi wina wa fodya, wa chala chodukira pakati, amene kalekale ankabwera ndi kamwana kake kakakazi. Mlimiyo sankasamba yekha. Ankagwira timanja ta mwanayo m'kati mwa manja ake, madzi n'kumatsikira pa manja anayi pamodzi, kwinaku akuimba mluzu.

Tsiku lotsanzikana litafika, lesitilanti inadzaza mpaka ena anaima pakhomo. Weta anaimirira, natsegula kope, mantha ali tho kuti anthu awodzera ngati Mayi Nankhoma. Koma atawerenga za makaniko, mwini manjawo anawakweza m'mwamba, akadali akuda bii, anthu n'kufa nazo nseko. Atafika pa mlimi wa fodya, mayi wina woyendetsa basi, amene ankadya pamalopo masiku onse, anaika supuni pansi naimirira.

"Amenewo ndi bambo anga," anatero. "Anatisiya ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kunyumba tilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Mluzuwo ndinali nditauiwala. Lero ndawaona."

Mayiyo ankalira, komanso ankaseka. Anapita pakona, natenga jagi ndi beseni, nabwera nazo kwa weta.

"Khalani pansi, bambo."

Weta anakhala pa mpando wa alendo, koyamba m'zaka makumi atatu. Mayi uja anawerama namuthirira madzi m'manja, amayi akululutira, abambo akuomba m'manja, Mayi Nankhoma akuvina ndi chipande pakhomo la khitchini. Mkuluyo anasangalala kwambiri. Funso lija la adzukulu silinamuvutenso.

Tsono inu amene mukundimvera, ndikudziwa ena mwa inu mumachita manyazi ndi ntchito yanu, ndipo mukafunsidwa mumayamba kutchula anthu otchuka amene munapatsana nawo moni. Asiyeni amenewo, owalemba ndi ambiri. Chimene mwaona inu muli chowerama, palibe wina anachiona. Chineneni mukadali moyo, pakuti kwinakwake kuli munthu amene akufunafuna bambo ake, ndipo amene mukuwasunga ndinu.