Pakati pa Njanji ndi Mtsinje

Pasukulu ina yophunzitsa kuyendetsa ndege panali mtsikana amene anzake ankangomutchula kuti Mwinatu. Dzinali silinangobwera lokha ayi. Ukamufunsa ngati akufuna tiyi, yankho linali lakuti, "Mwinatu." Koma kunena chilungamo, luso anali nalo. Ankateretsa ndege mwakachetechete moti aphunzitsi ake, bambo osadziwa kuyamikira munthu, ankangogwedeza mutu. Chimene chinatsala kuti alandire laisensi pamodzi ndi anzake chinali chimodzi basi: kuuluka ulendo wautali yekhayekha, kukatera pabwalo la tauni ina n'kubwerako. Apa ndiye panagona nkhani.

Tsiku loti mawa ndi ulendo, aphunzitsi anayala mapu patebulo n'kujambula mzere ndi pensulo.

"Ukangonyamuka, gwira njanji," anatero. "Pamlatho paja njanji ndi mtsinje zimasiyana. Iwe ukhale ndi njanji. Njanji sisochera, ikakutula pakhomo penipeni. Ndipo usazengereze m'njira, masana kukubwera mvula."

"Nanga ndikapanda kuiona?"

"Ukaiona. Pita ukapume."

Kupuma kwake kuti! Mtima unali m'mwamba. Atafika kwa akulu ake, kumene ankakhala, anapeza alamu ake ali pakhonde. Bambowa kale ankaulutsa ndege zopopera mankhwala m'minda, ndipo nkhani ya ndege ikayamba sankalola kuti iwadutse. Anangotsomphola mapu aja.

"Njanji? Alamu, njanji ndi ya sitima! Imangokhotakhota, mukafika mawa lake. Njira ndi mtsinje. Ndi yachidule, ndipo madzi amawala, simungawaphonye."

"Inu, musiyeni mwanayo, mumusokoneza," anakuwa akulu ake ali kukhitchini.

"Mwana uti? Awa mawa ndi akaputeni!"

Munthu wina akanangoseka n'kuiwala, kapena kuimbira aphunzitsi n'kufunsa. Koma mantha ndi mlangizi woipa. Anamunong'oneza Mwinatu kuti njira ziwiri zimaposa imodzi: ikakanika iyi, inayo ilipo. Anatenga pensulo n'kujambula mzere wachiwiri, wotsata mtsinje. M'mawa anapinda mapuwo mochenjera kuti aphunzitsi asauone.

Ndege inanyamuka bwinobwino. Mpando wa aphunzitsi unali mbee, wopanda munthu, ndipo Mwinatu ankangoucheukira ngati aphunzitsiwo angatulukirepo. Komabe mpaka pamlatho panalibe vuto, poti njanji ndi mtsinje zinkayendera limodzi. Pamlatho pomwepo njanji inapatukira kumanja, mtsinje kumanzere, ndipo m'mutu mwake munayamba msonkhano. Aphunzitsi akuti njanji, alamu akuti mtsinje. Aphunzitsi ndiwo amasainira laisensi, komanso alamu anaulukapo zaka zambiri. Mlatho unadutsa pansi iye asanagamule mlandu.

Ndiye anachita zimene palibe amene anamuuza. Analozetsa ndege pakati.

"Ndikakhala pakati, ndiziziona zonse ziwiri," anadziuza, n'kudziona ngati wochenjera kwambiri.

Poyamba zinkaonekadi, njanji uku, madzi uku. Koma zinthu zimene zasiyana zimapitirirabe kusiyana. Njanji inalowa kuseri kwa timapiri, mtsinje unamezedwa ndi nkhungu. Atasuzumira pansi anangoona minda, mitengo ndi timisewu tofanana tokhatokha. Anayang'ana pamapu: pakati pa mizere iwiri ija panalibe chilichonse chimene anakonzekera. Kampasi inali bwinobwino, koma imuthandiza chiyani munthu amene sakudziwa pamene ali? Anatembenuza mapu chadodolido, n'kuwabwezanso. Phiri limene linali kutsogolo linkafanana ndi mapiri onse a papepalapo.

Anaitana pawailesi bambo wa pansanja, amene amalondolera ndege pabwalo la tauni ija.

"Muli pati?" anafunsa bamboyo.

"Ndili... pakati."

"Pakati pa chiyani, mayi?"

"Mwinatu pa njanji ndi mtsinje."

"Mayi, ine kuno sindikukuonani. Njanji munaisiya mbali iti?"

"Kumanja."

"Ndiye ikadali komweko, sinasamuke. Khoterani mbali imodzi ndipo musabwerere."

Anakhotera kumanja. Atauluka pang'ono osaona kanthu, mtima unati mwinatu mtsinje ndiwo uli pafupi. Anakhotera kumanzere. Kumenekonso kunali zii. Abale, munthu kumangozungulira kumwamba ngati nkhuku yosowa poikira! Pamene maso ake anagwera pa muvi woonetsa mafuta, anapeza watsika kwambiri, ndipo kutsogolo mitambo inali itada bii. Apa zinamulowa kuti nkhani sinalinso ya laisensi. Akapitiriza kukhotakhota, injini ikazima ali pamwamba pa mitengo.

Anaponya mapu pampando wopanda munthu uja.

"Njanji," ananena mokweza, opanda mwinatu.

Anakhotera kumanja n'kugwira chiwongolero zolimba. Mantha sanachoke, ankamukokabe kuti acheuke, koma iye anangoluma mano. Minda inadutsa, timapiri tinadutsa. Atatsala pang'ono kutaya mtima, anaona tizitsulo tiwiri tikung'anima m'tchire. Misozi inangotsika yokha.

Koma nthawi inali itadyeka. Bambo wa pansanja anamuuza kuti mvula yatseka kale tauni, asayerekeze kufikako. Anamulondolera kukabwalo kena kafumbi m'mbali mwa njanjiyo, kopanda ndi kanyumba komwe. Anatera bwino, monga mwa masiku onse. Akumangirira mapiko kuti mphepo isagubuduze ndege, chimvula chinakhuthuka, ndipo anamaliza ntchitoyo atanyowa mpaka m'nsapato.

Aphunzitsi anafika pagalimoto mvula ikukata. Atatsegula chitseko cha ndege anapeza mapu aja ali pampando wawo, mizere iwiri ili poyera. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Winawu anakujambulira ndani?"

"Ndinajambula ndekha. Ndimaopa kusochera."

"Ukanatsata mtsinje ukanafika, ine ndikanangokukalipira. Ukanatsata njanji ukanafika. Iwe watsata chiyani?"

Mwinatu anayang'ana pakati pa mizere iwiri ija, madzi akudontha m'tsitsi.

Ulendowo sunawerengedwe. Tsiku limene anzake ankalandira malaisensi, iye anali kumbuyo akuomba nawo m'manja, ndipo zinamupweteka kwabasi. Kunyumba alamu ake atangoyamba kuti, "Mukanangomvera ine," akulu ake anawaponyera diso limodzi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nyengo ya mvula itatha, aphunzitsi anamuyalira mapu atsopano n'kumupatsa pensulo. Mwinatu anajambula mzere umodzi n'kubweza pensuloyo mwamsanga, isanamupatse maganizo ena.

"Ukuopa?" anafunsa aphunzitsi.

"Eya, ndikuopa. Koma ndikudziwa kumene ndikupita."

Tsiku limenelo anapita n'kubwerako dzuwa likuswa mtengo, zovala zili gwaa. Phunziro lija analigula ndi mvula ya pakabwalo kafumbi, ndipo akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.