Udzu wa Nazimbiri

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi mwini wake amene adayamba kuunena. Uwu mwini wake adali Nazimbiri, mayi wometa udzu wofolera nyumba m'mudzi wa Kalumbe. Mtolo umene iye ankasenza pochokera kudambo, amuna ankaunyamula awiri.

Chaka china mwana wake Tiyese adapeza mwamuna, dzina lake Lifa. Mkamwiniyo adaumba njerwa nayamba kumanga nyumba pafupi ndi ya apongozi ake. Nazimbiri adalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti udzu wa dengalo ameta yekha.

Koma chimanga chisanalowe m'nkhokwe, m'mimba mwake mudayamba kupota koopsa. Kuchipatala adapeza kuti matumbo apotana. Madokotala adadula mbali yowonongekayo, nasiya kabowo pambali pa mimba. Pakabowopo adamatapo kathumba kolandira chimbudzi.

Pomutulutsa, namwino adamuphunzitsa kusintha kathumbako ndi kutsuka khungu, kenako adati, "Mayi, ntchito mudzagwiranso. Koma bala lakunja limapola msanga, lam'kati limachedwa. Mukasenza zolemera tsopano, matumbo adzatukumuka pakabowopa. Yambani ndi kuyenda."

Kunyumba Nazimbiri adadzitsekera. Ankaopa kuti anthu amva fungo, ndipo kathumbako kakalira ankafuna nthaka imumeze. Chikwakwa chake chidachita dzimbiri. Akasuzumira panja ankaona nyumba ya mwana wake ili yasa, yopanda denga.

"Amayi, lekani kudandaula," adatero Tiyese. "Tikapempha udzu kwa ena."

"Mawu ndidanena ndine," adayankha Nazimbiri. "Ndinolere chikwakwacho."

Adayamba ndi kuzungulira nyumba. Miyendo italimba adafika kumjigo, ndipo amayi amene adawapeza kumeneko adangomupatsa moni, palibe adatseka mphuno. Zitatero adamanga nsalu yotakata pamimba, nayenda mpaka kudambo. Adameta udzu wongodzaza dzanja, naupanira kukhwapa, nabwerera.

Mnzake wometa naye udzu, Nasoko, adaseka atakumana naye panjira. "Anzanga, ndi tsache limenelo? Ine ndikudikira uume bwino, ndidzamete wonse kamodzi."

Mawuwo adamulasa Nazimbiri. M'mawa mwake adapitanso, mkuja adapitanso. Tsiku limene thupi lakana, ankapuma osadziimba mlandu. Kaudzu kalikonse ankakasanjika pathandala kuseri kwa khola, kenako ankakhala pampando n'kumanga timitolo tating'ono. Nyengo yachisanu idatha, dzuwa lidayamba kuwotcha, iye akadali paulendo wake womwewo.

Tsiku lina masana osaka mbewa adayatsa tchire. Mphepo idaunyamula motowo n'kuuponya m'dambo, ndipo pofika madzulo padangotsala phulusa. Nasoko adagwira m'mutu. Mitambo nayo idali itayamba kusonkhana.

Ankhoswe a Lifa adabwera nkhope zili zakugwa. "Mayi, sitikukuimbani mlandu, matenda saitanidwa. Koma udzu wapsa, ndipo mvula ikazipeza njerwazi zili pamtunda, nyumba igwa. Mwina anawa adikire chaka chamawa."

Nazimbiri adadzuka bwinobwino, dzanja lili pamimba. "Tabwerani kuno."

Adawatsogolera kuseri kwa khola, Lifa ndi Tiyese akutsatira pambuyo. Pamenepo udzu udali utaunjikana kupitirira msinkhu wa munthu, wouma, wosankhidwa bwino. Lifa adasolola kamtolo kamodzi, nakayang'ana, nagwada pansi n'kuwomba m'manja. Tiyese adaimba nthungululu mpaka mudzi wonse udathamangira komweko.

"Anzanga, zonsezi ndi timatsache tija?" adafunsa Nasoko, manyazi atamugwira.

Nazimbiri adaseka kuseka kwake kwakale, kosaopa kanthu. "Eya. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Amuna adakwera padenga tsiku lomwelo, iye ali pansi kuwapatsira udzu. Mvula yoyamba idagwa nyumba itafoleredwa, ndipo paukwati Nazimbiri adavina kathumba kake kali m'kati mwa chitenje. Udzu wotsala adamugawirako Nasoko. Chaka chotsatira adabwerera kudambo ngati kale, kungoti mitolo ankamanga yopepuka n'kuyenda maulendo angapo.

Mawu ake aja adafalikira m'midzi, ndipo mpaka lero timati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo." Tanthauzo lake n'lakuti ntchito yaikulu imatheka ndi zochepa zimene munthu amachita osaleka. Amene wadwala kapena wagwa asadziyeze ndi mphamvu zake zakale. Achite zimene thupi likulola lero, mawa awonjezepo.