Wosula Makasu ndi Kathonje

Panali munthu wina wosula makasu, wolimba manja koma wamantha zedi. Tsiku lina akusamba anaona banga lotuwa pamkono. Analitsina, osamva kanthu. Analibaya ndi minga, osamvabe kanthu.

Banga lotere ankalidziwa dzina. Ali mwana, atsibweni ake anamwalira ndi khate, ndipo anthu sanawakumbire manda. Anawakulunga mumphasa n'kukawapachika mumtengo kuthengo, ati nthaka imakana wakhate. Mtengo umenewo wosulayo ankauopa kuposa imfa. Choncho anayamba kuvala malaya aatali manja, ngakhale pamoto.

Masiku amenewo achipatala ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, kuyeza khungu ndi kugawa mankhwala. Kayezedwe kake kanali kosavuta: munthu atsinzine, amukhudze ndi kathonje, iye aloze pamene wakhudzidwa. Atafika pamudzi wa wosulayo, amuna onse anafola pamzere, malaya ali m'manja. Kothawira kunalibe.

"Tsinzinani, bambo," anatero wachipatala. "Mukamva thonje, lozani."

Anatsinzina. Thonje linatera pabanga, iye sanalimve. Koma diso lakumanzere anali atalisiyira kampata. Analoza pomwepo ndendende, katatu konse.

"Palibe vuto, n'chikanga chabe ichi," anatero wachipatala uja.

Wosula anabwerera akudziyesa dolo.

Patapita zaka ziwiri, m'mawa wina ali kosulira, anamva fungo la nyama. Anafunsa mkazi wake, amene ankamupopera mvukuto: "Kodi akuwotcha nyama ndani m'mawa uno?"

Mkaziyo anatukula maso n'kukuwa: "Mayo ine! Bambo a Mwandida, tayani chitsulocho!"

Khasu lamoto linali m'dzanja lake.

Kuchipatala anamupatsa mankhwala, khate linatha. Koma zala zitatu zinapita, ndipo nyundo sanaigwirenso.

Abale anga, nkhaniyi ine imandiopsa, chifukwa kusuzumira tonsefe timakutha. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma khate silipweteka. Limabwera mwakachetechete, n'kuyamba kudya munthu iye akuseka. Mukadikira ululu, mudzadikira mpaka zala zitatha. Mankhwala alipo, koma sameretsa chala. Mukaona banga losamva kanthu, musalifunditse malaya. Pitani akakuyezeni, ndipo akakati tsinzinani, mukatsinzinedi.