Chaka cha Pansi pa Tsamba

Lolemba pa 2 Juni, mafoni onse a pakampani ina ya matakisi adasiya kulira. Magetsi analipo, intaneti inalipo, atsikana olandira mafoni adakhala m'mipando yawo monga mwa masiku onse, koma aliyense woimba kuti apeze galimoto ankangouzidwa kuti nambalayo sikupezeka. Vutoli lidayamba mu Malichi, patebulo la mwini kampaniyo.

Mwini wakeyo anali bambo wachikulire wa ana aakazi awiri, ndipo onse adakwatiwa ndi amuna odziwa za makompyuta. Mkamwini wamkulu madalaivala ankamutcha Mawaya. Ndiye adalumikiza mafoni a pakampanipo zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere, ya mtundu uja umene malemba ake amkati amakhala poyera pa intaneti kuti aliyense wodziwa awerenge ndi kukonza. Pulogalamuyo inkakhala m'kompyuta yakuda, m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi, pakati pa matayala akale ndi zigubu za oilo. Inkalandira foni, kuimika woimbayo pamzere, kenako n'kumupereka kwa mtsikana amene wamasuka. Zaka zonsezo mlendo akafika, apongozi ankaloza Mawaya n'kunena kuti, "Uyu ndiye mutu wa pano."

Kenako mwana wamng'ono adakwatiwa. Mwamuna wake ankagwira ntchito kukampani yaikulu ndipo ankavala tayi ngakhale Loweruka. Apongozi adayamba kumufunsa chilichonse, ngakhale za foni yawo yam'manja imene adawagulira ndi Mawaya. Mawaya adamupatsa dzina loti Tayi, ndipo ankalitchula ngati akulavula njere.

Lamulungu lina mu Malichi banja lonse lidadyera limodzi. Mbale zitachotsedwa, Tayi adatembenukira kwa mkamwini mnzake.

"Achimwene, ndinasuzumirako kumene amakonzera pulogalamu yanu ija ya mafoni. Mwapitako posachedwapa?"

"Mafoni akulira kapena sakulira?" adafunsa Mawaya.

"Akulira. Koma kukonza komaliza kudachitika zaka zitatu zapitazo. Madandaulo a anthu angounjikana, palibe woyankha. Woisamalira anali munthu mmodzi, ndipo adalemba yekha kuti watopa. Anthu ena adatenga malembawo n'kuyamba nthambi yawo, ndipo yamoyo ndi imeneyo. Komanso kampani yotipatsa manambala a foni yalengeza kuti pofika Juni isiya kulandira njira yakale yolumikizirana. Tisamukire ku nthambi yamoyoyo nthawi ikadalipo. Ndikhoza kudzakuthandizani Loweruka lina."

"Yotipatsa?" Mawaya adaseka. "Mwalowa liti m'kampani muno, amwene? Ukwati wa dzana lomweli, mwayamba kale kutiwerengera matayala?"

Akazi awiri aja adayang'anana. Apongozi adapukuta m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukazione zimenezi. Mnzakoyu akuoneka kuti wafufuza."



M'mawa mwake Mawaya adadzitsekera m'kachipinda kaja n'kufufuza naye. Sanali munthu wosadziwa ntchito, ndipo sizidamutengere nthawi. Tsiku la kukonza komaliza linali lomwe lija adanena Tayi. Madandaulo analidi mulu, ena mwa iwo okhudza njira yakale yomweyo. Pabwalo la zokambirana la pa intaneti, uthenga womaliza unali wa munthu wofunsa ngati kudakali aliyense, ndipo pansi pake panalibe yankho. Tayi sadakokomeze kanthu. Ichi ndiye chidamuwawa Mawaya kuposa zonse.

Ali pafupi kutseka, maso ake adagwera pansi penipeni pa tsamba loyamba la pa intaneti la pulogalamuyo. Pamenepo, m'timalemba tating'ono, panali chaka chomwe chino. Mawaya ankadziwa bwino kuti chaka chotere chimasintha chokha Januwale aliyense, ngakhale mwini tsamba atamwalira, poti iye mwini adaika chimodzimodzi patsamba la kampani yawo. Adanyamula laputopu n'kulowa mu ofesi ya apongozi.

"Bambo, tawerengani apa. Chaka chanji chimenechi?"

Apongozi adavala magalasi. "Chino."

"Ndiye chinthu chakufa chimalemba chaka chino?"

Adawaonetsanso chiwerengero cha anthu amene adatengako pulogalamuyo, osawauza kuti chiwerengerocho ndi cha zaka zonse kuyambira pachiyambi. Apongozi adavula magalasi n'kupukusa mutu. "Ana a masiku ano amathamanga," adatero. Mawaya adapita kunyumba akuimba mluzu.

Mkazi wake sadakondwe nawo mluzuwo. "Bambo a mwana, bwanji osangolola alamu anga akuthandizeni? Achepa pati?"

"Kuti bambo ako azikauza mlendo aliyense kuti Tayi ndiye adapulumutsa kampani? Ndisamutsa ndekha, mwakachetechete."

Ankafunadi kutero. Koma kusamuka kunkafuna kompyuta ina ndiponso kuzimitsa mafoni kwa theka la tsiku, ndipo zonse ziwiri zinkafuna chilolezo cha apongozi. Akadapempha, akadafunsidwa chifukwa chake, ndipo chifukwacho anali atachikwirira yekha. Epulo adatha. Mu Meyi Tayi adatumiza chikumbutso kudzera mwa mkazi wake, Mawaya n'kuyankha kuti, "Ukawauze amasule tayi, wawathina." Mumtima ankadzitonthoza kuti makampani aakulu amakonda kuopseza, tsiku likafika amalikankhira kutsogolo.

Sadalikankhe. Pofika masana a Lolemba lija, matakisi anali atafola pabwalo, madalaivala atatsamira pazitseko. Mmodzi adakuwa cha kukachipinda kuja, "A Mawaya, makasitomala tiziwaitana ndi ng'oma?" Anzake adaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu odziwa kuti galimoto yoima sidyetsa ana. Mkatimo Mawaya adazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, adasintha zimene akadatha kusintha, thukuta lili kamukamu. Kampani ya manambala idamuuza mwaulemu kuti njira yakale idatsekedwa monga idalengezera, ndipo sitsegulidwanso.

Lachiwiri m'mawa Tayi adafika, atapempha tchuthi kuntchito kwake. Adapinda manja a malaya n'kukoka mpando. Sadakumbutse za Malichi. Adangoti, "Achimwene, mizere ya mafoni a pano mukuidziwa ndinu. Muzindiuza, ine ndizilemba." Mawaya akadakonda kunyozedwa, poti mnyozo umayankhika. Nthambi yatsopano ija inali itasintha zambiri, ndipo zonse zimene Mawaya adakonza m'zaka zisanu ndi ziwiri zidayenera kulembedwanso. Lachitatu, hotela imene inkawapatsa ntchito yochuluka idaimbira apongozi pafoni yam'manja kuwadziwitsa kuti alendo ake ayamba kunyamulidwa ndi kampani ina. Mafoni adaliranso Lachisanu.

Tsiku lomwelo apongozi adalowa m'kachipindamo, akamwini onse awiri ali momwemo. Adatsegulitsa tsamba lakale lija n'kuloza pansi pake.

"Tandiuza iwe," adatero kwa Tayi, "chaka ichi amalemba ndani?"

Tayi adakanda m'mutu, adayang'ana Mawaya, kenako adayankha motsitsa mawu. "Chimasintha chokha, bambo."

Apongozi adatembenuka. "Nanga iwe, unkadziwa?"

Mawaya adayang'ana matayala akale aja. Foni idalira mu ofesi, mtsikana n'kuyankha. Apongozi adadikira mpaka foniyo itatha, kenako adatuluka osatseka chitseko.

Pulogalamu yakufa siinunkha. Imagwira ntchito mpaka tsiku limene dziko loizungulira lasintha, ndipo wofuna kudziwa ngati ili moyo amayang'ana ngati kuli anthu oikonza ndi oyankha. Mawaya adayang'ana, adaona, ndipo akadamva zomwezo kwa mlendo wa pa intaneti akadasamuka sabata yomweyo. Chimene chidamutseka makutu chinali pakamwa pamene padachokera chenjezolo. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amakhalabe mnansi ngakhale akhale munthu amene mtima wako sukumufuna.

Apongozi adalonjeza kuti pakutha kwa Juni adzanena amene aziyang'anira mafoni a pakampanipo. Juni adatha, Julaye nayenso watha. Mawaya amafikabe m'mawa uliwonse n'kukhala m'kachipinda kake, ndipo apongozi sananenebe kanthu.