Foni ya Nanzunga pa Msomali

Panali mayi wina wogulitsa tomato pa msika wa m'mbali mwa msewu waukulu, paja mabasi amaima pang'ono kuti apaulendo agule ndiwo. Tizimutchula Nanzunga. Anali mayi wolimba mtima, wosadziwa kubwerera m'mbuyo. Akanena kuti lero dengu ili litha, dzuwa silinkalowa dengulo lili ndi kanthu.

Ntchito ya pa msika wotere mukuidziwa. Basi ikangoima, aliyense amanyamula beseni n'kuthamangira pawindo, manja onse awiri ali m'mwamba. Chitenje chilibe thumba, ndipo akuba nawo sagona. Ndiye foni uiika kuti? Nanzunga ankailowetsa m'kamisolo, mbali ya kumanzere, monga ankachitira anzake onse. Musaseke amayi. Ndikuona ena kumbuyoko mwayamba kale kudzigwira pachifuwa.

Tsiku lina m'mawa akusamba, dzanja lake linagunda kanthu kolimba m'bere la kumanzere lija. Kanali kakang'ono ngati nzama. Sikankapweteka. Anakasisita, koma sikanachoke. Mantha anamugwira mpaka anatuluka kubafa sopo ali m'khosi.

Atafika kumsika ananong'oneza mnzake wogulitsa kabichi. Mnzakeyo anawomba m'manja nati, "Mayo ine! Ndiye zija n'zoona!" Anatulutsa foni yake n'kumuyatsira uthenga wa mawu umene anthu ankatumizirana masiku amenewo. Mwini mawuwo palibe ankamudziwa. Koma ankayankhula mwamphamvu ngati ali paguwa. Ankati foni imatulutsa cheza, mphamvu ina yosaoneka ndi maso, ndipo chezacho chimapsereza mnofu pang'onopang'ono. Ankati wailesi, kanema, zonse za magetsi, n'chimodzimodzi.

Nanzunga atamva zimenezi mtima wake unakhala pansi. Zodabwitsa eti? Koma ndi mmene tilili anthufe: mantha amachepa tikapeza choloza chala. Iye anati, "Amanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ine changa ndachipeza. Ndikachotsa foniyi, chotupachi chiphwa chokha."

Tsiku lomwelo anabwereka hamala. Anakhoma msomali pa nsanamira ya benchi lake, n'kupachikapo foni m'kathumba ka nsalu. Atafika kunyumba anatulutsa wailesi kuchipinda. Kanema anamufunditsa bulangete, ndipo mwamuna wake atadandaula za mpira anamuuza kuti azikaonera kwa aneba.

Mwamunayo anali wofatsa. Anati, "Amayi a ana, za mpira zilibe kanthu. Koma bwanji osakaonetsa kuchipatala?"

"Kuchipatala kukatani? Aja akangoona amathamangira mpeni. Mukufuna ndibwere kuno ndi bere limodzi? Mankhwala ndawapeza kale ine."

Mwamunayo anangoisiya nkhaniyo. Ankamudziwa mkazi wake.

Tsono Nanzunga sanali munthu wopulumuka yekha. Anayamba kuyenda benchi ndi benchi, hamala ili m'manja. Sanabise kanthu. Ankawauza amayi anzake kuti iye watuluka chotupa chifukwa cha foni, ndipo safuna kuti wina aone zomwe waona iye. Tisamunamizire, sankachita mwanjiru. Ankawakonda anzakewo. Pasanapite nthawi nsanamira iliyonse inali ndi msomali wake, mafoni ali lendelende ngati chimanga cha mbewu.

Mmodzi yekha ndiye anakana. Anali Nagama, mayi wachikulire wogulitsa kachewere pa benchi loyandikana ndi la Nanzunga. Anali wosayankhulayankhula. Awiriwa anakanganapo kale chifukwa cha malire a malo awo, ndipo kuyambira pamenepo moni wawo unali wongokwaniritsa mwambo. Nanzunga atafika ndi hamala yake, Nagama anati, "Foni mwachotsa, a Nanzunga, mwachita bwino. Nanga kuchipatala mwapita?"

Nanzunga anangotsonya n'kupitirira. Foni ya Nagama inakhalabe m'kamisolo.

Mvula inagwa, inakata. Tomato anakwera mtengo, anatsikanso. Foni ili pa msomali, kanema ali m'bulangete, koma kanthu kaja sikanamve kuti mdani wachotsedwa. Nzama ija inakula kufika pa dzira la nkhuku. M'khwapa munatulukanso kena. Nanzunga anayamba kunyamula beseni ndi dzanja limodzi, ndipo basi ikaima anzake ankafika pawindo iye akadali m'njira.

Mukuganiza kuti pamenepa anakumbukira funso la Nagama? Ayi ndithu. Anakhala pansi n'kuganiza motere: ngati chotupa chikukula, ndiye kuti cheza chikundipezabe. Chikuchokera kuti? Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Mafoni onse anali pa misomali, kupatula imodzi. Ndipo imodziyo inkakhala naye pafupi tsiku lonse.

Anadzuka masana dzuwa lili paliwombo, msika uli phee kudikira basi. Anaima pamaso pa Nagama, dzanja lili m'chiuno.

"A Nagama, mukufuna kundipha? Msika wonse wamva, inu nokha ndiye nkhutukumve. Nkhani ya malire ija mukubwezera pamenepa? Tulutsani foniyo! Mukapanda kutulutsa nditulutsa ndekha."

Anatambasuladi dzanja kulunjika pachifuwa cha mnzakeyo. Amayi ena anafuula kuti, "Iii, a Nanzunga, zimenezo ayi!"

Nagama anagwira mkonowo usanafike. Sanautaye. Sanatukwane. Anadzuka ali chiugwirire, n'kumukokera Nanzunga kuseri kwa matumba a kachewere, kumene kunalibe maso a anthu. Atafika kumeneko anamasula mabatani a bulauzi. Anatulutsa foni ija n'kuiika pa thumba. Kenako anapisanso dzanja m'kamisolo momwemo, n'kutulutsa kamtsamiro ka nsanza kosokedwa bwinobwino. Atatero anatsitsa kamisolo.

Pamene panayenera kukhala bere panali pathyathyathya. Panali chipsera chachitali, chakalekale, chopita mpaka m'khwapa.

Nanzunga anagwira pakamwa.

Nagama anati, "Yang'anani bwino, musayang'ane kumbali. Changa chinatuluka ndisanagwirepo foni, kwathu kulibe ngakhale magetsi. Chinali ngati nzama, monga munkanenera chanu. Ndinapita kuchipatala sabata yomweyo. Mwana amene ndinali nditangomuletsa kuyamwa nthawi imeneyo, pano ali ndi mwana wake, ndipo ndimamubereka ndine. Kupatula bambo a kunyumba ndi achemwali anga, palibe wina waona zimene mwaonazi. Mukafuna kalengezeni, pakamwa muli napo. Koma muyambe mwakwera basi."

Nanzunga anayamba kulira. Kulimba konse kuja kunasungunuka. Anati, "Ndikuopa, a Nagama. Akandidula."

"Mwina akakudulanidi. Ine anandidula. Nanga amene wakugwirani mkonoyu ndi mzukwa?"

Nthawi yomweyo basi inalira hutala pamsewu. Amayi onse anatola mabeseni awo n'kuthamanga. Nagama anabwezera kamtsamiro kake, anamanga mabatani. Anapita pa nsanamira ya Nanzunga, anatsitsa kathumba kaja pa msomali, n'kumufumbatitsa m'manja.

"Tengani. Muwaimbire bambo a kwanu mukakhala pampando. Tomatoyu ndigulitsa ndine."

Nanzunga anapukuta misozi ndi chitenje. Anamanga chitenjecho kolimba, monga ankachitira akamapita kokapikula katundu. Zaka zonsezi ankathamangira pawindo la basi. Tsiku limenelo anapita pakhomo, anakwera.

Ku chipatala cha boma anamutumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anatapa kamnofu pang'ono n'kukapima. Inali khansa. Nanzunga, poti ndi Nanzunga, anafunsabe kuti, "Adokotala, ndi foni eti?"

Dokotalayo anali mayi. Anayankha kuti, "Za mafoni akatswiri akhala akufufuza, ndipo umboni woti foni imabweretsa khansa ya m'bere sanaupeze. Ngati kuipachika pa msomali kumakupatsani mtendere, pachikani, palibe cholakwa. Koma chotupa chikakhala kuti chatuluka kale, msomali sungachichotse. Mukanabwera chili ngati nzama, mwina tikanangochotsa nzamayo. Pano tichotsa bere lonse ndi za m'khwapazi, ndipo mudzalandira mankhwala amphamvu. Mwachedwa, mayi. Koma mwafika, ndipo tilimbana nayo."

Nanzunga anati, "Ndiuzeni tsiku."

Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Tsitsi linathothoka. Chakudya chinkabwerera. Panali masiku amene ankati kuli bwino kungosiya. Koma khama lija limene anakhomera misomali msika wonse, tsopano linapeza ntchito yake yeniyeni. Sanajombe tsiku la mankhwala ngakhale limodzi. Tsiku likayandikira achipatala ankamukumbutsa pa foni yomwe ija.

Anabwerera kumsika tomato wa chaka china atapsa. Mkono wa kumanzere unali wotupa, wosatha kukweza beseni, ndipo kuthamangira basi kunathera pomwepo. Zimene ankaopa zija zinamupezabe: anabwera ndi bere limodzi. Koma anabwera ndi miyendo yake, osati m'bokosi.

Tsiku loyamba anapeza pa benchi lake kaphukusi kakang'ono. Atamasula anapeza kamtsamiro ka nsanza, kosokedwa bwinobwino. Anayang'ana pa benchi loyandikana nalo. Nagama anali kalikiliki kuunjika kachewere, ngati sakudziwa kanthu. Chinsinsi chake Nanzunga sanachiulule kwa munthu. Chimene anaulula ndi chake.

Anayambanso kuyenda benchi ndi benchi, koma hamala anaisiya. Anayambira kwa wa kabichi uja. Sanafunse kuti foni ili kuti. Anafunsa kuti, "Mwezi uno mwadzigwira? Mwapeza chiyani?" Wina akati wapeza kanthu, Nanzunga sankachoka pa benchi lake mpaka atamuona akukwera basi.

Fanizo lathera pamenepo, amayi. Tsopano ndikuyankhula ndi inu.

Sindinabwere kudzakangana nanu za foni. Mukafuna kuichotsa pachifuwa, chotsani. Mukafuna kuti isagone kumutu kwanu, kapena kuti mwana asamaigwire tsiku lonse, ndiye kusamala kumeneko, ndipo ine sindikuletsani. Koma Nanzunga sanataye bere chifukwa cha malo amene foni inkakhala. Analitaya chifukwa cha miyezi imene inatha akulimbana ndi chinthu chosaoneka, pamene chooneka chinali pansi pa zala zake. Mtengo amauwongola ukadali waung'ono.

Ndikudziwa kuti pabwalo lino pali wina amene anagunda kanthu akusamba, ndipo sanauze munthu. Mwina wachotsa foni. Mwina wasiya shuga, kapena akumwa mizu, kapena akungopemphera kuti kaphwe. Sindikukuloza chala, mwana wa mayi anga, ndikukuopera. Si chotupa chilichonse chili khansa, koma amene angakuuze zimenezo si uthenga wa pa foni, si wa kabichi, ndiponso si ine. Mawa kukacha, beseni lako umusiyire mnzako. Basi ikaima, usapite pawindo. Upite pakhomo.