Mphunzitsi Amene Anapereka Wophunzira Wake kwa Mdani

Ndikudziwa alipo pano amene akuti mumtima, mayi wa Folomu 4 angatiuze chiyani za ku yunivesite? Khalani pansi mundimve kaye, mutsutse ndikamaliza. Ine ndayamba kusoka mikanjo ya omaliza maphunziro ena a inu musanadziwe kulowetsa ulusi pa singano, ndipo munthu ukamamuyeza mapewa amakuuza zambiri.

Panali mphunzitsi wina wa pa yunivesite amene anamerera imvi m'munda wa chinangwa. Ntchito yake inali kufufuza matenda amene amakwinyitsa masamba ndi kuwoletsa chinangwa pansi. Iye ankati matendawo amabwera ndi tintchentche toyera. Kutsidya kwa malire, ku Zambia, kunali mphunzitsi mnzake amene ankati ayi, amayenda ndi mitengo ya mbewu imene alimi amapatsana. Awiriwa anakanganapo pa msonkhano mpaka wapampando anawazimitsira chimkuzamawu. Kuyambira pamenepo moni unatha.

Mphunzitsi wathuyu anali ndi wophunzira mmodzi amene ankamudalira, dzina lake Ndaziona. Mtsikanayo ankafuna digiri yapamwamba ija, imene munthu amatchedwa nayo dokotala ngakhale sabaya jakisoni. Koma womulipirira panalibe. Kwawo anali atayamba kumufunsa kuti chinangwa chimenechi adzasiyana nacho liti, ndipo ku banki ina anali atamulonjeza ntchito.

Ndiye kunamveka kuti bungwe lina la ku Ulaya likupereka thandizo lophunzitsira ofufuza. Lamulo lake linali lakuti mphunzitsi asapemphe yekha. Apeze anzake a m'mayiko ena apemphe pamodzi, ndipo wophunzira aliyense achoke kwa mphunzitsi wake akasulidwe ndi wina.

Mphunzitsiyo anati izi n'zosavuta. Anasonkhanitsa anzake a ku Ulaya amene anaphunzira nawo limodzi, ndi ena amene iye mwini anawaphunzitsa. Onsewo anali a tintchentche toyera. Analemba pempho lokoma, natumiza. Yankho linabwera lalifupi: "Nonsenu mukunena chinthu chimodzi. Wophunzira akwererenji ndege kukamva zimene wamva kale kwawo?"

Sabata yomweyo Ndaziona analowa mu ofesi atanyamula magambuti ake a m'munda.

"Aphunzitsi, awa ndisiye pati? A ku banki akuti ndikayambe."

"Bwerera nawo, mwana wanga. Undilole ndipemphenso kamodzi kokha."

Mtsikanayo atatuluka, mphunzitsi anakumbukira wa ku Zambia uja. Ankamudziwa munthu amene akanaphunzitsa Ndaziona zimene iye sakanatha. Ankamudziwa bwino lomwe, ndipo akanakonda kuzulidwa dzino kusiyana ndi kukagogoda pakhomo pake. Koma anaganiza za magambuti aja ali pakona, opanda mwini. Anakwera basi ya ku Mchinji, nadutsa malire.

Mnzake uja anamupeza m'munda, buluku atapinda mpaka m'mawondo.

"Aa, bambo wa ntchentche! Mwabwera kudzavomera kuti munalakwa?"

"Ayi, achimwene. Wolakwa mukadali inu, n'chifukwa chake ndabwera. Ndili ndi mwana wanzeru kuposa tonse awiri. Ndikufuna mumuphunzitse bodza lanulo bwinobwino, kuti akamadzalitsutsa azilitsutsa akulidziwa."

"Nanga akadzabwerako akunena kuti wabodza ndinu?"

Mphunzitsi wathu anayankha. "Pamenepo ndiye kuti waphunzira."

Analemba pempho lachiwiri limodzi, akukangana pa tsamba lililonse. Mkanganowo sanaubise. Anaulemba poyera, kuti ife sitigwirizana, tipatseni ophunzira adzatiweruze. A ku Ulaya anavomera.

Ndaziona anatenga magambuti ake napita ku Zambia, kenako ku Ulaya. M'munda wa mphunzitsi wathu munalowa ana a eni, ophunzira a aphunzitsi ena, ena osadziwa n'komwe kuti chinangwa chimabala pansi, ndipo iye anawaphunzitsa osabisa kanthu. Zaka zitapita mtsikana uja anabwerako, naima pamaso pa holo yodzaza. Anayamba ndi kuonetsa pamene mphunzitsi wake analakwa. Atatha apo anaonetsa pamene wa ku Zambia analakwa. Madala awiriwo anakhala moyandikana pa benchi ya kutsogolo, aliyense akuwomba m'manja pamene mnzake akudzudzulidwa.

Tsono inu amayi anzanga a m'gulu la osoka lino, mvetsani. Aliyense wa inu ali ndi mtsikana amene akumuphunzitsa, ndipo mwamutsekera pa makina anu ngati wakuba. Mukamutuma kukafunsa nzeru mumamutuma kwa mnzanu amene amasoka monga inu, kuti akamve kuti ndinu katswiri. Mwana wotere adzatha pomwe inu munathera, ndi zolakwa zanu zomwe.

Ine sindikulalikira zimene sindinachite. Nkhaniyi anandiuza ndi Ndaziona mwini wake, ndikumuyeza mkanjo wofiira, ndipo sindinagone nayo. Nonse mukudziwa kuti ine ndi mayi Nangondo tinali osalankhulana. Iwo amadula nsalu ndi diso, opanda pepala, ine ndinkati kumeneko n'kuwononga nsalu za anthu, ndipo mpaka lero ndimatero. Koma ndinamugwira dzanja Esinati wanga, mtsikana amene shopu yanga inkayendera, ndinakamusiya pakhomo pawo dzuwa likuswa mtengo, msika wonse ukuona. Ndani mwa inu akanalimba mtima chotero? Palibe. Musayang'ane pansi, ndikunena inu nomwe.

Mukufuna kudziwa chimene ndinapindula? Ndikuuzani osawonjezera. Esinati atabwerako, ndinapeza mwa iye telala amene amadula jekete kuposa ine ndi kuposa mayi Nangondo, ndipo akusoka pansi pa chikwangwani cholembedwa dzina langa. Ndinapezanso moni wa mayi Nangondo m'mawa uliwonse. Ndipo amayamba ndi iwo.