Mbuzi Zosalekanitsidwa za Mayi Nankhoma

Ahedi a Chadzunda ankalalikira tsiku lililonse kuti mawu achingelezi akuti "look after" salekanitsidwa, pomwe "pick up" amalekanitsidwa. Kutabwera woyendera sukulu, ahediwo anamutengera kukhola la mphunzitsi wina, mayi Nankhoma, amene anali ndi mbuzi ziwiri zokha.

"Madamu, imodzi timuphere mlendoyu," anatero ahediwo.

Mayiwo anagwada mwaulemu.

"Bwana, iyi dzina lake ndi Look, inayo ndi After. Muzilekanitsadi pamaso pa alendo?"

Woyendera uja anasolola cholembera. Ahedi thukuta kamukamu.

"Musadandaule," anatero mayiwo. "Atambala anu aja, Pick ndi Up, malamulo amalola kuwalekanitsa."

"Galamala yake ndi imeneyo!" anavomereza mlendoyo.

Masanawo ahedi anacheka khosi la Pick ndi manja awo, mlendo akuwalembera malikisi.